Gofu m'nkhalango ya paini ku Baguio: nanga phirilo ndi la yani?

Dziko lililonse limene Chauta adalidalitsa ndi phiri lozizira, la mitengo yambiri ndi madzi oyera, limalandira tsiku lina mlendo wovala bwino amene amafika ku maofesi a Boma atanyamula mapu ndi zithunzi. Mlendoyo amalankhula mwaulemu. Amati phirilo likungogona pachabe, ndipo atapatsidwa malo pamwamba pake angathe kumangapo hotela, nyumba zopumuliramo ndi bwalo la gofu lofanana ndi a maiko akutali, kuti alendo azibwera ndi ndalama zakunja ndiponso achinyamata apeze ntchito. Mau otere ndi okoma kuwamva, makamaka pa nthawi imene dziko likusowa ndalama zakunja. Koma wantchito wa Boma amene adzapatsidwe cholembera kuti asaine pangano lotere, pamodzi ndi mtsogoleri wa Chipani amene adzatumidwe kukafotokozera anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, angachite bwino kuyamba amva zimene zidachitika ku Baguio, m'dziko la Philippines, kumene gofu wakhala akuseweredwa pakati pa mitengo ya paini kwa zaka zoposa 100.

Baguio ndi mzinda umene uli pa chilumba cha Luzon, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kumpoto kwa Manila, likulu la dzikolo. Udamangidwa pamwamba pa mapiri, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, kotero kuti pamene anthu a ku Manila akupukuta thukuta, a ku Baguio amakhala atavala majuzi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kumazizira nthawi zina mpaka pansi pa madigiri 10. Mtengo umene udatchukitsa mzindawu ndi paini wa mtundu umene akatswiri a zankhalango amautcha Pinus kesiya, eni dera nkumati saleng. Masamba ake ndi onga singano ndipo amamera atatuatatu. Aliyense amene adagwirapo ntchito m'Dipatimenti ya Zankhalango amaudziwa mtengowu, pakuti ndi umodzi mwa mitundu ya paini imene idabzalidwa m'nkhalango za Boma m'dziko muno. Kusiyana kwake nkwakuti kuno udachita kubwera, pamene kumeneko ndi kwao.

M'nkhalango ya mzindawo muli mabwalo awiri a gofu oyandikana. Loyamba ndi la Baguio Country Club, kalabu ya mamembala okhaokha imene idayamba m'chaka cha 1905. Munthu salowamo pokhapokha ali membala kapena waitanidwa ndi membala. Lachiwiri ndi la Camp John Hay, pa malo pamene kale padali kampu ya asilikali a dziko la Amereka. Mabwalo awiriwa adadziwika polandira mpikisano wotchuka wa Fil-Am, umene udayamba m'chaka cha 1949 ndipo umachitika cha kumapeto kwa chaka ndi kusonkhanitsa magulu a osewera ochokera m'maiko osiyanasiyana.

Choona chiyenera kunenedwa poyera, kuti kusewera pa mabwalo amenewa nkosangalatsa, ndipo amene amanyoza gofu kuti ndi masewero a anthu aulesi sadakwerepo zitunda za bwalo lotere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Gofu ndi kumenya kampira kakang'ono kolimba ndi ndodo kufikira katalowa m'dzenje, maenje 18 motsatizana, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Bwalo lililonse lili ndi chiwerengero chake, chotchedwa par, chosonyeza kuti wosewera waluso ayenera kumenya kangati kuti amalize maenje onse. Mabwalo ambiri a kuchigwa ali ndi par ya pakati pa 70 ndi 72. La Camp John Hay lili ndi 69, ndipo la Baguio Country Club lili ndi 61 yokha, chifukwa phiri silipatsa munthu malo athyathyathya aatali. Mlendo akamva zimenezi amayesa kuti wapeza bwalo la ana, ndipo amazindikira mochedwa kuti phiri lili ndi nkhuli yake.

Poyamba, mpweya wa pamwamba pa phiri ndi wopepuka, motero kampira kamauluka kupitirira pamene mwini wake akukayembekeza. Ndodo imene ku Manila ikadakafikitsa pafupi ndi dzenje, ku Baguio imakapitiriza nkukakagwetsera m'chigwa kuseri. Pomenya, munthu saima molunjika: phazi lina limakhala pamtunda, lina kumunsi, ndipo kampira kamene kagwera pa mtsetse kamatha kugubuduzika nkubwerera pa mapazi a amene wakamenya, anzake akuseka chamumtima. Kumanja ndi kumanzere kwaima mitengo ya paini, yaitali ndi yowongoka. Kampira kakagunda thunthu kamalira ngati nkhwangwa ya m'nkhalango, kenaka kamalumphira kumene kafuna. Pansi pa mitengoyo payalidwa masamba ouma ngati mphasa, oterera kwambiri. Malamulo a masewerowa amalola kuchotsa masamba ouma ozungulira kampira, koma kakangosuntha pochotsapo, wosewera amalangidwa powonjezeredwa kumenya kumodzi. Ndipo kampira kosowa kamafunidwa kwa mphindi 3 zokha, malinga ndi malamulo amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2019, pamene kale zidali mphindi 5.

Tsono dzuwa likapendeka, nkhungu imakwera kuchokera m'zigwa, yofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo, nkuphimba mbendera imene imasonyeza pamene pali dzenje. Pamenepo munthu wolemekezeka, kaya ndi mwini makampani kaya ndi nduna, amasanduka mwana wofunika kumgwira dzanja. Amadalira munthu womunyamulira thumba la ndodo, amene wayenda zitunda zimenezo masiku onse, mvula ndi dzuwa. Iyeyo ndiye amaloza kumene kuli dzenje losaoneka, amasankha ndodo, amanena kumene kapinga wapendekera, ndipo kampira kakalowa m'thengo ndiye amakakapeza. Chodabwitsa nchakuti munthu amene amalidziwa bwalolo kuposa onse ndi yemwe sangathe kugula umembala wa kalabuyo, ngakhale atasunga malipiro ake a zaka zambirimbiri.

Nanga kapinga wosalalayo adafika bwanji pa phiri? Apa mpamene mwambi wa makolo wonena za chikomekome cha mkuyu umapeza malo ake.

Kale malo amene lero pali mzinda wa Baguio ankatchedwa Kafagway, ndipo adali busa la ng'ombe za anthu a mtundu wa Ibaloi. M'chaka cha 1898 dziko la Spain lidapereka zilumba za Philippines kwa Amereka polandira madola 20 miliyoni, anthu ake pamodzi ndi mapiri ake, popanda wofunsa eni dziko. Atsamunda atsopanowo sadathe kupirira kutentha kwa Manila. M'mwezi wa Juni 1903 adagamula kuti Baguio akhale likulu la Boma la m'nyengo yotentha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Theodore Roosevelt adasaina lamulo lopatula malo a kampu yopumulirako asilikali, imene idatchedwa dzina la John Hay, nduna yake yoona za maiko akunja. Mseu wokwera phiri, wotchedwa Kennon Road, udatsegulidwa m'chaka cha 1905. Katswiri wojambula mizinda, Daniel Burnham, adakonza mapu a mzinda wa anthu pafupifupi 25,000. M'chaka chomwecho William Cameron Forbes, amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa dziko lonselo, adatsogolera kukhazikitsa Baguio Country Club. Zonsezi zidachitika m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zidachitika ndi mapepala.

M'gulu la amene malo ao adalowa m'kati mwa mpanda wa asilikali mudali mtsogoleri wa Aibaloi, Mateo Cariño, amene makolo ake adadyetsa ng'ombe pamenepo kuyambira kalekale. Iye sadatenge mkondo. Adapita ku khoti. Boma la atsamunda lidayankha kuti pansi pa malamulo a Spain nthaka yonse idali ya mfumu ya ku Spain, kuti Cariño adalibe chikalata chochokera kwa mfumuyo, ndipo kuti malowo tsopano ndi a Boma la Amereka limene lidalowa m'malo mwa Spain. Khoti lalikulu la ku Manila lidagwirizana ndi Boma. Mlanduwo udaoloka nyanja kukafika ku khoti lalikulu la Amereka ku Washington, ndipo pa 23 Febuluwale 1909 woweruza Oliver Wendell Holmes adapereka chigamulo chimene mpaka lero chimaphunzitsidwa m'sukulu za malamulo za ku Philippines. Tanthauzo lake lidali lakuti nthaka imene anthu akhala akuigwiritsa ntchito monga yaoyao kuyambira nthawi imene munthu aliyense angakumbukire, iyenera kutengedwa kuti idali yao atsamunda asanafike, ndipo siidakhalepo nthaka ya Boma. Kusowa chikalata sikulanda munthu dziko la makolo ake.

Chidali chigamulo chabwino. Koma chidafika mwini mlandu atagona m'manda miyezi 8, pakuti Cariño adamwalira mu Juni 1908. Ndipo mpanda wa kampuyo sudasunthe. Asilikali adapitiriza kupumula, gofu adapitiriza kuseweredwa, ng'ombe za Aibaloi sizidabwerere pa busa lao. Mfundo ya chigamulocho idadzalowa m'lamulo loteteza eni nthaka la dziko la Philippines m'chaka cha 1997, patapita zaka 88, ndipo lero tsiku la 23 Febuluwale limakumbukiridwa mu mzindawo ngati tsiku la Aibaloi. Chikumbutso nchabwino, koma sichidyetsa ng'ombe.

Amalawi safunika kuphunzitsidwa mmene pepala limadyera nthaka. Zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston adayamba kupereka kwa azungu m'zaka zoyambirira za m'ma 1890 zidatsala ndi mphamvu atsamunda atapita kale, ndipo anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje akulimabe m'malire ndi m'matsitso a mapiri kaamba ka siginecha za anthu amene mafupa ao adaola kalekale.

Kampu ya John Hay idaona zambiri. Ndege za Japan zidaiponyera mabomba pa 8 Disembala 1941, ndipo mommo ndi mmene mkulu wa asilikali a Japan, Tomoyuki Yamashita, adasainira kugonja pa 3 Seputembala 1945. Dziko la Philippines lidalandira ufulu wodzilamulira pa 4 Julayi 1946, komabe kampuyo idatsala m'manja mwa Amereka zaka zina 45, kufikira pa 1 Julayi 1991 pamene idaperekedwa kwa eni dziko. Anthu adasangalala, ndipo adali ndi chifukwa chosangalalira.

Kuchokera pamenepa nkhaniyi ikukhudza antchito a Boma a dziko lodzilamulira, chifukwa zimene zidatsatira sadachite ndi atsamunda. M'chaka cha 1992 Boma lidakhazikitsa bungwe lotchedwa Bases Conversion and Development Authority, mwachidule BCDA, kuti lisandutse makampu akale a Amereka kukhala malo a chitukuko. Khonsolo ya mzinda wa Baguio idaoneratu kumene mphepo ikulowera, ndipo m'chaka cha 1994 idavomereza chitukukocho itaikapo mfundo 19. Mwa zina, idafuna kuti mzinda uzilandira gawo la ndalama zopezeka pa malowo, kuti nkhalango itetezedwe, kuti ntchito ziziyamba kupatsidwa kwa anthu a m'deralo, ndi kuti midzi ya anthu imene idapezeka m'kati mwa malire a kampuyo ipatulidwe. M'chaka chomwecho Pulezidenti Fidel Ramos adalengeza kuti malowo akhala chigawo chapadera cha zamalonda chimene amalonda ake adzachotseredwe misonkho. Ndipo mu Okutobala 1996 bungwe la BCDA lidabwereketsa mahekitala 247 kwa kampani yotchedwa Camp John Hay Development Corporation kwa zaka 25, ndi mwayi wowonjezera zina 25. Bwalo la gofu lidakonzedwanso potsata mapulani a kampani ya katswiri wotchuka Jack Nicklaus, mahotela ndi nyumba zidamangidwa pakati pa mitengo, ndipo anthu achuma adagula zipinda, nyumba ndi umembala wa kalabu ya gofu.

Sipadatenge nthawi kuti mkangano ubuke. M'chaka cha 2003 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti Pulezidenti adalibe mphamvu yochotsera anthu misonkho pa malowo ndi chilengezo chake chokha, pakuti mphamvu imeneyo ndi ya nyumba ya malamulo. Lonjezo limene lidakopa amalonda lidagwa, ndipo padatenga mpaka chaka cha 2007 kuti aphungu akonze cholakwikacho. Kampaniyo idati Boma silikusunga malonjezo ake ndipo likuchedwetsa zilolezo. Boma lidati kampaniyo sikulipira lendi. Panganolo lidakonzedwanso kangapo, osathandiza. Mu Febuluwale 2015 gulu la oweruza apadera amene mbali ziwirizo zidapitako lidapeza kuti onse awiri adaswa pangano, nililamula kuti kampaniyo ichoke ndi kusiya zomanga zonse, ndipo Boma libweze ndalama za lendi zokwana mapeso 1.42 biliyoni. Ngakhale pamenepo nkhani sidathe. Idayendanso m'makhoti zaka zina 9, kufikira khoti lalikulu litatsimikiza chigamulocho m'chaka cha 2024, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la BCDA lidalowanso pa malo ake.

Kuwerenga kuyambira tsiku losaina mpaka tsiku lobweza malowo, padadutsa zaka 28 ndi apulezidenti 6: Ramos, Estrada, Arroyo, Aquino, Duterte ndi Marcos. Kusaina kudatenga tsiku limodzi. Ambiri mwa akuluakulu amene adakhala pa tebulo m'chaka cha 1996 adali atasintha ntchito kapena kupuma pamene mlandu unkatha, ndipo amene adausenza ndi achinyamata amene pa nthawi yosainayo adali ku sukulu. Makolo adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Ku Baguio zidatembenuka, pakuti adadya ndi akulu ndipo zidapota ana. Nawonso amene adagula nyumba ndi umembala kwa kampaniyo adadzidzimuka pomva kuti mapangano ao adali nthambi chabe za pangano lalikulu, ndipo thunthu litagwa, adayenera kukambirananso ndi mwini malo weniweni. Kunena za mfundo 19 za khonsolo zija, patatha zaka 30 akuluakulu a mzindawo adali akudandaulabe kuti zina mwa izo sizidakwaniritsidwe.

Chimene wantchito wa Boma ayenera kuchisunga mumtima pa nkhaniyi ndi chigamulo cha 2003. Amene adalonjeza zochotsa misonkho sadali mbala. Adali anthu ofulumira, ofuna kuti chitukuko chioneke msanga, ndipo adalonjeza chinthu chimene malamulo sadawapatse mphamvu yolonjeza. Wamalonda wochenjera saiwala lonjezo lotere. Amalisunga m'thumba, ndipo tsiku limene Boma lidzamufunsa lendi, iye amalitulutsa. Mlembi wamkulu wa unduna, bwanamkubwa wa boma kapena mkulu woona za malo amene auza mlendo kuti asadandaule, zonse zikonzedwa, asanafunse kwa odziwa malamulo ndi ku nthambi zina za Boma zokhudzidwa, wapereka chikwanje kwa munthu amene mawa adzadula nacho Boma lomwelo.

Alipo amene angayankhe kuti, pakadapanda mpanda wa kampu ndi wa kalabu, ku Baguio sikukadatsala paini ndi mmodzi yemwe. Yankho limeneli siliyenera kunyozedwa, chifukwa muli choona. Mzinda umene Burnham adaukonzera anthu 25,000 udapezeka ndi anthu oposa 366,000 pa kalembera wa chaka cha 2020. Zitunda zimene kale zidali zobiriwira zadzaza nyumba mpaka pamwamba, ndipo gawo lalikulu la nkhalango yotsala lili m'kati mwa malire a John Hay. Mitengo idachepa kotero kuti m'chaka cha 2012 anthu adayenda m'misewu kutsutsa kampani ina ya masitolo imene idafuna kuchotsa mitengo 182 pa chitunda china cha pakati pa mzinda. Munthu woona mtima ayenera kuvomereza kuti kumene kudali mpanda, mitengo idapulumuka.

Koma chidapulumutsa mitengoyo nchiyani? Kampira ka gofu sikazimitsa moto wa m'tchire, ndipo mzere uliwonse wa kapinga umene osewera amayendamo ndi mzere umene mitengo siiloledwa kumera. Chidaipulumutsa ndi mlonda amene amalipidwa pa nthawi yake, malire amene aliyense akuwadziwa, ndi lamulo limene silisankha nkhope. Zinthu zimenezi Boma lili nazo mphamvu yozichita palokha, ndipo nchamanyazi kuti dziko lodzilamulira livomereze kuti nkhalango yake ingasungike pokhapokha munthu wolemera atamanga mpanda ndi kutsekera eni dziko kunja. Manyazi amenewa akukhudza dziko lino kwambiri. Nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idali chinthu chonyaditsa, koma moto ndi kudula kopanda mwambo zidaidya dzuwa likuswa mtengo. Phiri la Ndirande lidametedwa mpala anthu onse akuona. Ndipo mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe, dziko lidalipira ngongole ya mitengo ndi miyoyo ya anthu. Wapampando wa nthambi kapena wa dera amene amapita ku polisi kukapempha kuti wocheka matabwa popanda chilolezo amasulidwe chifukwa ndi membala wa Chipani, ndi amene akukonzera njira mlendo wa mapu uja, pakuti akumpatsa umboni wakuti eni dziko alephera.

Palinso nkhani ya madzi. Ku Baguio kumagwa mvula yoopsa; mu Julayi 1911 kudagwa mamilimita 1,168 m'maola 24 okha, chimene pa nthawiyo chidali chisanalembedwepo kwina kulikonse pa dziko lapansi. Komabe mabanja ambiri a mu mzindawo amalandira madzi a m'mipope mosinthana masiku, ndipo m'chilimwe amagula kwa a galimoto zonyamula madzi. Mvula imene yagwa pa phiri lopanda mitengo imathamangira ku chigwa, siilowa pansi kukadyetsa akasupe. Tsono kapinga wa gofu, makamaka wosalala wozungulira dzenje, amafuna kuthiriridwa pa nyengo yomweyo imene amayi akudzuka usiku kukadikira pa mpope. Pangano la bwalo la gofu pa phiri limene silinena momveka kuti madzi othirira adzachokera kuti, ndi ochuluka bwanji, ndipo ndani adzayambe kumwa chaka cha chilala, ndi pangano losatha kulembedwa.

Phiri la Zomba ndi Baguio akufanana ngati ana a mimba imodzi. Atsamunda adakonda Zomba kaamba ka kuzizira ndi madzi ake, naliyesa likulu kuyambira m'chaka cha 1891, ndipo lidakhala likulu kufikira Boma litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975. M'tsinde mwake adakhazikitsa kalabu yao ya Gymkhana pamodzi ndi bwalo la gofu, pamwamba pake adabzala paini. Ngakhale masitiroberi amene ana amagulitsa m'mbali mwa mseu wopita ku Ku Chawe ali ndi abale ao ku chigwa cha La Trinidad, pafupi ndi Baguio. Koma pamwamba pa phiri la Zomba pali damu la Mulunguzi, limene madzi ake amamwa ndi ophunzira a ku yunivesite, odwala a m'chipatala chachikulu, asilikali ndi amayi a m'makomboni. Aliyense amene angadzapatsidwe malo pamtunda pa damu limenelo adzakhala atapatsidwa chikho cha mzinda wonse. Ndi chimodzimodzi ndi mapiri a Dedza, a Viphya ndi a Mulanje.

Malamulo otetezera zinthu zimenezi dziko lino lili nawo. Pali lamulo la zankhalango la 1997 limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, lamulo la madzi la 2013, malamulo a malo a 2016, ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limene limafuna kuti ntchito yaikulu iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire nthaka, madzi ndi anthu. Mlendo wochenjera sakangana ndi malamulo amenewa. Iye amangoitana munthu wogwira cholembera kuti akapumule Loweruka, amlipirire bwalo, ambwereke ndodo, amdyetse chakudya chamasana pakhonde loyang'ana ku chigwa, ndipo pa dzenje la 14, pamene kulibe mlembi wolemba zokambirana, amatchula nkhani ya chilolezo mwa ngati nthabwala. Pamapeto pake amampatsa umembala waulere ngati ulemu chabe. Palibe ndalama imene yaoneka m'manja, koma Lolemba m'mawa fayilo imayenda mofulumira kuposa anzake. Lamulo lothana ndi katangale la 1995 silinena za ndalama zokha. Limanena za phindu la mtundu uliwonse. Wantchito wa Boma amene amakonda gofu asewere, palibe womletsa, ndipo masewerowa ndi abwino ku thanzi la munthu wokhala pa mpando sabata yonse. Koma alipire ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo asasewere monga mlendo wa munthu amene pempho lake lili pa desiki yake.

Atsogoleri a Chipani nawo ali ndi mbali yao. Pa msonkhano wa kumudzi nkosavuta kuimirira ndi kubwereza mau a wamalonda, kuti kudzakhala ntchito, kudzakhala mseu, kudzakhala magetsi, anthu nkuwomba m'manja. Chovuta, ndipo ndiyo ntchito yeniyeni ya mtsogoleri, ndi kunyamula mafunso a anthuwo kupita nawo kumtunda: kodi amayi otola nkhuni adzadutsabe njira yao yakale? Kodi manda a makolo ali m'kati mwa mapuwo kapena kunja? Ntchito zolonjezedwazo ndi zingati, ndipo ndi zoposa kunyamula thumba la ndodo ndi kutchetcha kapinga? Mtsogoleri amene atontholetsa wofunsa mafunso otere pomutcha wodana ndi chitukuko akuwononga Chipani chimene akuti akuchiteteza, chifukwa anthu saiwala amene adawauza kuti akhale chete tsiku limene phiri lao linkaperekedwa.

Ngati pempho lotere lidzafika, ndipo Boma litaliyeza lipeza kuti nloyenera, panganolo likhale la zaka zowerengeka ndi tsiku lodziwika lothera. Linene poyera kuti lendi ikapanda kulipidwa kwa miyezi yakutiyakuti malowo abwerera ku Boma popanda kudikira zaka 28, kuti zomangidwapo zidzakhala za yani, ndi kuti aliyense wogula nyumba kapena umembala auzidwe polemba kuti akugula kwa wobwereka, osati kwa mwini phiri. Zofuna za khonsolo ndi za mafumu zilembedwe m'kati mwa pangano lomwelo, pamodzi ndi chilango cha wozinyalanyaza. Ndipo cholembera chisanakhudze pepala, panganolo liwerengedwe mokweza, m'chilankhulo chimene anthu a m'tsinde mwa phirilo amamva, pa bwalo la mfumu yao, kenaka kope lake likasiyidwe ku ofesi ya bwanamkubwa kumene munthu aliyense angathe kukalipempha ndi kuliwerenga.